Dzanja Lamanzere la Malemu

Bambo anga anapereka chigamulo chawo Lolemba masana, akupukuta magalasi awo ndi kansalu, osandiyang'ana n'komwe.

"Umuuze abwere Loweruka ndi chipiyano chakecho. Adzayimbe nyimbo imodzi m'chipinda chino, mpaka kumapeto, popanda dzanja la womwalirayo. Akatero tidzakhala pansi n'kukamba za ukwati. Akalephera, nkhani yake isadzamvekenso pakhomo pano."

"Koma Ababa, dzanja lake lamanzere mukulidziwa mmene lilili."

"Ndikulidziwa, n'chifukwa chake ndatero." Anavala magalasi aja n'kundiyang'ana tsopano. "Mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe. Mwamuna amene akuyimbabe ndi mkazi wake sanaferedwe ayi. Ukalowa m'nyumba imeneyo ukakhala wachiwiri, ndipo mkazi wamkuluyo sungakangane naye chifukwa sayankha."

Amayi anangoweramira pa malaya amene ankasokerera batani. Pakhomo pathu Bambo akalankhula ngati woweruza milandu, Amayi sayankha tsiku lomwelo. Ine ndinapita kuchipinda n'kukalira pang'ono, kenako ndinapukuta maso n'kutenga foni.

*

Mwamuna ameneyu ndinakumana naye miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, pa ukwati wa kasitomala wanga. Ine ndimaluka tsitsi, ndipo tsiku limenelo ndinatsalira kuti ndizikonza mkwatibwi akamasokonekera. Iye analowa mu holo atabereka chikwama chakuda, chachitali kufika m'mawondo. Anatulutsamo piyano yamagetsi, n'kuisanjika pa miyendo yachitsulo yopingasa, n'kufunyulula kabenchi kake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchiyo, kumanja, kusiya malo a munthu wina kumanzere.

Anadina kabatani, n'kuyamba kuyimba ndi dzanja lamanja lokha. Lamanzere linali pa ntchafu, zala zitapindikira mkati. Koma mawu aakulu apansi aja ankatuluka bwinobwino, odekha, odziwa kumene akupita, pamene makiyi a mbali imeneyo sankagwedera ngakhale pang'ono.

Ine pakamwa panga sipakhala zinthu. Atapumira ndinapita kukamufunsa.

"A Kiyibodi, kodi mbali inayi akukuyimbirani ndani?"

"Akazi anga."

"Ali kuti?"

"Anamwalira."

Ananena ngati akunena kuti apita kumsika. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe, koma iye anamwetulira n'kundifunsa ngati a Saluni amamwa zoziziritsa kukhosi. Mayina awiriwa anakakamira mpaka lero.

Zina zonse ndinazimva pang'onopang'ono. Ankayimba awiri pa benchi imodzi, iye kumanja, mkaziyo kumanzere. Mkaziyo anali wamanzere chibadwire, ndipo mwamuna wake ankangomutchula kuti Manzere. Piyano imeneyo imasunga zimene munthu wayimba, choncho mkaziyo anajambulamo mbali yake ya nyimbo zawo kuti mwamuna aziyeserera iye akachokapo. Zaka zitatu zapitazo anachita ngozi ya galimoto akupita kukayimba. Mkazi anafera pomwepo, mwamuna anatsala ndi dzanja lofa. Piyano inali kumbuyo m'chikwama chake, ndipo inangong'aluka kagalasi kosonyeza manambala. Kuyambira pamenepo, pa siteji, ku situdiyo ngakhale kunyumba, amayimbabe awiri.

Ndinamukonda ndikudziwa zonsezi. Ndisaname, nsanje ndinali nayo, ndipo nsanje yochitira munthu wakufa imachititsa manyazi chifukwa ulibe woti umuuze.

*

Ndinamulembera uthenga wonse wa Bambo, osachotsapo kanthu. Anawerenga. Panadutsa ola lathunthu.

"Ndi dzanja limodzi nyimbo imamveka ngati munthu wotsimphina," anayankha. "Bambo ako adzandiseka."

"Ndani wanena za dzanja limodzi? Ine ndili ndi awiri. Mundibwereke benchi."

"Masiku anayi, a Saluni?"

"Ndinaphunzira kuluka tsitsi la mesh masiku atatu, wondiphunzitsa wake ali wolusa kuposa inu."

Anatumiza kankhope koseka. Kenako panabwera uthenga wina: "Pamalo pajatu sipanakhalepo munthu."

Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Sindinadziwe ngati akundichenjeza kapena akundipatsa ulemu.

*

Amakhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu yogulitsa utoto ndi misomali. Ndinakwera masitepe Lachiwiri dzuwa lili paliwombo. Pabalaza pake makatani amakhala otseka usana wonse kuti dzuwa lisawononge piyano, choncho ukalowa maso amayamba achita mdima. Piyano inali pakhoma, itafunditsidwa nsalu ya maluwa ofiirira. Sindinafunse kuti nsaluyo inali ya ndani.

Anaivundukula, n'kukhala kumalo kwake, n'kundilozera kumanzere. Khushoni ya mbali imeneyo inali yolowa pakati, ngati munthu wangodzukapo. Nditakhala ndinamva kuzizira kukudutsa siketi yanga, pamene kunja kunkatentha moti phula linkanata ku nsapato.

"Benchi yanu ikuzizira."

"Ndi chikopa chabe," anatero, osandiyang'ana.

Anasankha nyimbo yachitatu, yosavuta kuposa zonse. Dzanja lamanzere limangoyenda malo anayi n'kubwerera. Anandigwira zala ndi dzanja lake lamoyo lija, kuziika chimodzichimodzi pa makiyi.

"Usamenye. Ukumenya ngati ukukoka tsitsi la mwana wamakani. Makiyi awa ndi olemera dala, amamva mmene wawagwirira. Ukawanyengerera amayankha motsitsa."

"Ngati eni ake."

"Eni ake sanyengerereka."

"Tiona Loweruka."

Tinaseka, mantha aja n'kuchepako. Pofika madzulo ndinali nditagwira malo atatu mwa anayiwo. Ndipamene anandionetsa kajambulidwe, kuti ndiziyimba n'kumadzimvera ndekha pamene ndikulakwitsa.

"Muli malo khumi osungiramo nyimbo. Wani mpaka naini ndi zake. Teni ndi yopanda kanthu, imeneyo ndi yako. Kagalasika kanang'aluka, manambala saoneka bwino, ndiye uziwerenga. Ukayatsa imayambira pa wani. Udine kabatani aka maulendo naini, ufika pa teni. Kenako kofiiraka. Ikakufunsa, uvomere."

"Pa siteji ndimamva mukuyimba eyiti zokha. Ya naini ndi yotani?"

Anachotsa dzanja lake pa langa.

"Imeneyo sitiyimba."

Pomwepo kiyi analira pachitseko. Analowa mtsikana wamtali, atanyamula jumbo ya ndiwo zamasamba. Anali mlamu wake, mng'ono wa malemu, amene ali ndi kiyi wakewake ndipo amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi kudzasesa ndi kuphika, ngakhale palibe anamupempha. Tinkadziwana, ndipo sitinkakondana. Anaona pamene ndinakhala, jumbo ija n'kutsetsereka m'manja mwake.

"Alamu, mwawakhazika pamenepo?"

"Akuphunzira, mlamu."

"Oo." Anatola jumbo yake. "Aphunzire bwino. Mipando ina imakumbuka eni ake."

*

Lachitatu linadutsa bwino. Lachinayi a Kiyibodi anaitanidwa ku situdiyo kukayimbira woyimba wina, ndipo anandisiyira kiyi kuti ndiyeserere ndekha. Ndinangoyimba kawiri, mlamu uja n'kutulukira. Sanapite kukhitchini. Anakhala pa mpando wa pakona, n'kupingasa miyendo, n'kumandionerera.

"Zala zolukira mawigi," anatero patapita nthawi. "Achemwali anga anayamba kuyimba ali ndi zaka sikisi."

"Zikomo pondiuza."

"Mukuganiza kuti amakukondani? Akufuna dzanja, mayi. Bambo anu akanati abwere ndi galu woyimba, akanakasaka galu."

"Nanga inu mwasesa muno zaka zitatu, sanakuoneni bwanji? Kapena tsache silimveka pa sipika?"

Zinamulasa. Ndinaona khosi lake likugunda. Koma anamwetulira, ndipo kumwetulira kwake kunandiopsa kuposa mawu ake.

"Anakuuzani za naini?"

Ndinaweramira pa makiyi.

"Sanakuuzeni. Ine ndinalipo. Unali m'mawa wa tsiku la ngozi. Achemwali ankapeka nyimbo yatsopano, ya alamu, yoti adzawadabwitse nayo. Anakhala pamene mwakhalapo, n'kuyamba kujambula. Ali pakati galimoto inaliza hutala panja. Anadzuka n'kunena kuti, ndidzamaliza tikabwerako." Anatambasula manja. "Imathera m'malere. Alamu amaimvera okha, atavala mahedifoni, tsiku lililonse akadzuka. Amafika pamene inadukira, n'kukhala duu kudikira. Inu mudzakhala mukuwaphikira tiyi kukhitchini, iwo akudikira mkazi wawo amalize kulankhula. Naini imeneyo simudzaiposa."

Anadzuka n'kutenga tsache.

Ndinalumikiza mahedifoni kuti ndisamvenso mawu ake, n'kuzimitsa piyano, n'kuyatsanso. M'mutu mwanga munkangolira naini, naini. Ndinayang'ana kagalasi kong'aluka kaja n'kunena kuti wani, kenako n'kumadina ndikuwerenga, thuu, firii, mpaka ndinafika pa naini n'kuima. Ndinadina kofiira. Inandifunsa, ndinavomera.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati kunali kulakwitsa koona. Ndikuganiza kuti kunali. Koma sindingalumbire kuti mumtima mwanga munalibe kanthu kena kamene kanasangalala.

Ndinaika zala pa malo oyamba a nyimbo yachitatu n'kutsinzina. Ndinayimba malo oyamba, achiwiri. Kenako dzanja linayamba kulemera, n'kufunda, ngati mmene limachitira wina akakugwira pamkono kuti akuphunzitse kulemba. Linatsetserekera kumunsi, ku makiyi amene sindinawagwirepo. Ndinkamva mawu m'mahedifoni, ochedwa, obwerezabwereza, ngati munthu akuyenda m'nyumba yopanda anthu akutsegula zitseko chimodzichimodzi. Ndinaganiza kuti ndikungosewera chifukwa chopsa mtima. Sindinafune kusiya. Kunena zoona, zinkakoma.

Dzanja litaima lokha, ndinatsegula maso n'kuvula mahedifoni. M'chipindamo munali zii. Mlamu uja anali ataima pakhomo la kukhitchini, tsache lili m'manja. Sanamve kalikonse, poti mawu onse ankalowa m'makutu mwanga, koma maso ake anali pa dzanja langa.

"Mwayamba liti kukweza kachala kakang'ono choncho?"

"Kachala kati?"

Anabwera pafupi, n'kuwerama pa kagalasi kaja, n'kupendeketsa mutu kuti aone kuseri kwa mng'alu. Ataweramuka nkhope yake inali ndi zinthu ziwiri, mantha ndi chimwemwe.

"Mwajambula pa naini," anatero motsitsa. "Mwawafufuta."

Anatulutsa foni.

*

A Kiyibodi anafika pasanathe theka la ola. Ndinawamva akukwera masitepe awiriawiri. Ine ndinali nditaimirira pakhoma, manja kumbuyo, ngati mwana woswa mbale. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa, koma atalowa onse anauma.

"Ndinawerenga molakwika," ndinatero. "Ndinayambira pa wani."

Sanandiyang'ane. Anapita pa piyano, n'kuona nambala, n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Milomo yake inatuwa.

"Ndinakuuzani, alamu," mlamu anayamba. "Ndinati munthu ameneyu..."

"Khala chete."

Anazula chingwe cha mahedifoni. Anaika chala pa batani, n'kudina.

Ndinkayembekezera kumva manyazi anga, malo anayi aja ndikuwapunthwa. Anamveka malo oyamba ndi achiwiri a nyimbo yachitatu, olimba, omenyedwa, anga ndithu. Kenako mawu anatsika n'kufewa. Anayenda pang'ono, n'kuima kamphindi ngati akudikira wina, n'kugunda kiyi yapansi kawiri motsitsa.

A Kiyibodi anatulutsa mpweya.

"Sinafufutike," ananong'ona. "Ndi imeneyi. Amaima choncho kundidikira."

"Koma chiyambi chija si chawo," anatero mlamu, mawu ake atachepa.

Tinamvera atatu, makiyi ali phee osagwedera, kagetsi kobiriwira kakuphethira. Nyimbo inakwera pang'ono, n'kubwerera, n'kukweranso. Ndinaona mapewa a a Kiyibodi akukungika, ndipo ndinadziwa kuti tikuyandikira pamene hutala inalira. Anatsinzina. Anakweza dzanja kuti azimitse, monga ankachitira m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu.

Nyimbo sinaduke. Inadutsa pamenepo n'kupitirira.

Mlamu anakhala pansi pa simenti pomwe anaimapo. Ine tsitsi linandiimirira. Mawu aja anayenda mphindi ina yathunthu, osapunthwa, osafunafuna njira, mpaka anafika pa kiyi yapansi ija, n'kuigunda kawiri, n'kutha bwinobwino ngati mmene nyimbo imathera.

Kunja wina ankatsitsa zitini za utoto m'galimoto. Ndinkamva chilichonse.

"Unaimva kuti?" anandifunsa, akuyang'anabe makiyi.

"Sindinaimvepo. Mumaimvera m'mahedifoni."

"Anakuyimbira mlamu?"

"Ine sindidziwa kumene imathera," mlamu anatero. "Palibe amadziwa."

Pamenepo anatembenuka. Ndinkaopa mkwiyo, ndipo ndikanaulandira, poti ndinali wolakwa. Koma m'maso mwake munali kuwala kumene sindinakuonepo miyezi isanu ndi iwiri yonse. Anadzuka, n'kubwera, n'kutulutsa dzanja langa lamanzere kumbuyo kumene ndinalibisa. Analigwira mosamala, akulitembenuza uku ndi uku.

"Wamaliza," anatero.

Sankalankhula ndi nkhope yanga. Ndinasolola dzanja langa, n'kutenga chikwama, n'kutsika masitepe osatsanzika.

*

Lachisanu sindinapiteko. Mauthenga ake anayamba m'mawa.

"Sindinakwiye. Bwera."

"Wadya?"

"Ndaimvera kasanu. Ndapeza mbali yanga ya kumanja. Ikulowana ndendende."

Munthu amene ankatenga ola kuti ayankhe uthenga umodzi, tsiku limenelo anatumiza khumi ndi awiri. Ndikanayenera kusangalala. Ndinkangoyang'ana dzanja langa lili pa tebulo, lomwe lija la masiku onse, la chipsera cha chopanira tsitsi pa chala chachikulu. Ndinalitsina, ndipo linapweteka ngati langa.

Masana ndinamuyankha. "Mawa tiyimba yachitatu. Yachitatu yokha. Mundilonjeze."

"Chimene ungayambe, ine nditsatira."

"Limenelo si lonjezo."

"Ndimakukonda," analemba. Ndinadikira kuti awonjezere kuti a Saluni, monga amachitira nthawi zonse. Sanawonjezere.

Chakumadzulo kunabwera uthenga wa nambala yachilendo.

"Ndine mlamu wawo. Kiyi wanga ndamusiya pansi pa chitseko, sindidzapitakonso. Musakhalenso pa benchi ija. Nsanje ndinali nayo, sindikana, koma izi sindikunena chifukwa cha nsanje. Dzulo mutavula mahedifoni munandiyang'ana mmene achemwali ankandiyang'anira ndikawabera mafuta odzola."

Ndinaufufuta. Kenako ndinakhala ndikuunena pamtima mpaka ndinauloweza. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansi ameneyu dzulo lake lomwelo ankafuna mwamuna wanga. Ndikanamvera iye, Loweruka likanadutsa, ndipo Bambo anga sabweza mawu. Ndinasankha kupita.

*

Anafika Loweruka nthawi ya teni m'mawa, atavala jekete, chikwama chakuda chija chili kumsana. Amayi anali atasuntha tebulo la pabalaza n'kuyala nsalu yatsopano pa kabati. Bambo anakhala pa mpando wawo, manja pa mawondo.

"Mwayenda bwanji, achimwene?"

"Ndayenda bwino, Bambo, kaya inu mwatsala bwanji?"

"Tiona mukayimba."

Anaimika miyendo yachitsulo ija, n'kusanjika piyano, n'kulumikiza chingwe ku soketi ya kuseri kwa wailesi. Atafunyulula benchi, Bambo anadzuka n'kubwera kudzasuzumira mabatani.

"Kamene mumadina kuti womwalirayo ayambe ndi kati?"

"Aka, Bambo."

Bambo anatulutsa kabokosi ka machesi m'thumba, n'kusolola kam'kati kake, n'kukavindikira pa batanilo.

"Kagwe aka, nkhani yatha. Nanga mbali inayo?"

"Ndiyimba ndine, Ababa," ndinatero.

Anakweza nsidze. Anayang'ana Amayi, Amayi n'kuyang'ana kudenga.

"Ndinati popanda dzanja la womwalirayo. Za dzanja lako sindinanene kanthu. Khala."

Ndinakhala. Benchi inali itayenda pa dzuwa ulendo wonse, koma mbali yanga inali yozizira. Ndinaluma mano n'kuika zala pa malo oyamba a nyimbo yachitatu. Ndinadziuza kuti dzanja ili ndi langa, ndalidyetsa ndekha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, lichita zimene ndanena.

Malo oyamba anatuluka bwino. A Kiyibodi analowa ndi kumanja. Achiwiri, achitatu. Pa achinayi chala chinaterereka n'kugunda kiyi yakuda, phokoso lake loipa ngati mbale yagwa. Ndinabwerera, n'kulakwitsanso pomwepo. Ndinamva Bambo akusuntha pa mpando wawo. Thukuta linatsika m'khosi. Ndinadziwa kuti ndikalakwitsa kachitatu adzakweza dzanja n'kunena kuti basi.

Ndipo pamkono panga panayamba kufunda.

Ndikanatha kulichotsa dzanjalo pa makiyi. Mphamvu imeneyo ndinali nayo, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. Ndinayang'ana mwamuna amene anali pambali panga, jekete lake lobwereka, dzanja lake lofa lili pa ntchafu, ndipo ndinamukonda kwambiri moti ndinalisiya.

Linatsetserekera kumunsi. Kachala kakang'ono kanadzuka kokha. Linayenda, n'kuima kamphindi kudikira, n'kugunda kiyi yapansi kawiri. A Kiyibodi analowa pomwepo ngati munthu wolowa m'nyumba yake. Sindinamvepo akuyimba chomwecho, pa siteji kapena pena paliponse. Misozi yake inkagwera pa makiyi koma sanaphonye ngakhale imodzi. Ine ndinkangoonerera zala zanga zikuyenda, ngati ndikuonera za munthu wina pawindo la basi.

Tinamaliza. Kabokosi ka machesi kaja kanali pomwe paja. Amayi ankapukuta maso ndi ngodya ya nsalu yawo. Bambo anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavala, n'kuwavulanso.

"Achimwene," anatero, mawu atasasa, "ndinakulakwirani. Ndimayesa simungathe kumusiya womwalirayo. Lero ndaona ndi maso anga kuti mwamusiya agone. Nyimbo imeneyi ndi ya inu awiri, aliyense angamve."

"Zikomo, Bambo," anatero a Kiyibodi.

"Mayi ake, bweretsani tiyi. Tikambe za anawa."

*

Amayi anabweretsa makapu pa thireyi. Ine ndinasamukira pa mpando wautali, kutali ndi benchi, ndipo a Kiyibodi anadzakhala pambali panga, mbali ya kumanja, kundisiya kumanzere kwawo. Bambo ankalankhula za abale oti adziwitsidwe ndi mwezi umene ungakhale wabwino. Anali osangalala, ndipo Bambo anga akasangalala amalankhula ngati wailesi.

Zimene ndinalirira Lolemba zinali zitatheka. Ndinafunafuna chimwemwe mumtima mwanga ndipo ndinapezamo mantha okhaokha.

Bambo atatembenuka kuti atenge shuga, a Kiyibodi anawerama ngati akutola kanthu, n'kuyandikitsa pakamwa pa khutu langa.

"Ndinadziwa kuti sungandisiye ndichite manyazi," ananong'ona. "Manzere wanga."

Ndinafuna kumuuza kuti ndine a Saluni, amene ndinamufunsa funso lopusa mu holo, amene ndimamenya makiyi ngati ndikukoka tsitsi. Koma Bambo anali atatembenuka kale.

"Tsono ife tikungolankhula, mwini wake sitinamufunse. Mwanawe, pamaso pa amayi ako ndi ine, mwamuna uyu ukumufuna?"

Onse atatu anandiyang'ana. Ndinatenga kapu kuti ndimweko kaye. Ndinathira shuga, n'kutakasa, n'kuikweza.

Amayi anaseka pang'ono, akuloza ndi supuni.

"Koma iwe, piyano ya masiku anayi yomweyi? Chibadwire sindinakuonepo. Wayamba liti kumwa tiyi ndi dzanja lamanzere?"

Ndinayang'ana kapu ija. Kachala kakang'ono kanali katadzuka.

"Tikudikira, mwanawe," anatero Bambo.